Fani ya Kompyuta Yandipezera Chibwenzi

Aphungu,

Ndithandizeni msanga. Loweruka likubwerali ndikukakhala pamkeka pamaso pa ankhoswe, ndipo mlandu wake ndi woti ndikaufotokoza anthu amayamba aseka asanandimvere chisoni. Inunso sekani, koma mukatha mundiyankhe.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, dzina lake Amira, ndipo timakhala kuno ku Nkhotakota pafupi ndi msika. Ndimasoka madiresi ndi mahijabu, komanso ndimapanga makhadi oitanira anthu ku ukwati pa kompyuta. Amuna anga, a Khalidi, amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Dzinalo lilembeni, musaope, a Khalidi m'tauni muno achuluka ngati usipa. Iwo amagwirira ntchito m'chipinda cha kumaso, ine makina anga osokera ali m'chipinda cha kuseri. Pakati pathu pali khoma la mabolodi, loti munthu akayetsemula mbali iyi, wa mbali inayo amamudalitsa.

Chaka chatha titakolola mpunga kwathu ku Chia tinagula kompyuta yaikulu ku Lilongwe, yogwirapo kale ntchito. M'kati mwake muli chipangizo chomwe amati gilafiki khadi, chomwe chimanyamula ntchito yonse ya zithunzi ndi mavidiyo. Chikamagwira ntchito chimatentha, n'chifukwa chake chili ndi mafani ake atatu ochiziziritsa. Ntchito ikachepa mafaniwo amazungulira mwaulesi, ikachuluka amathamanga n'kumasokosa.

Aphungu, munthu wosoka amakhala ndi khutu. Makina anga akangosintha kaliridwe ndimadziwa kuti ulusi wakola. Khutu lomweli silinachedwe kuwazolowera mafani a kumaso kuja. A Khalidi akamadula ndi kulumikiza zidutswa za vidiyo, mafaniwo ankangong'ung'udza ngati firiji. Akamatulutsa vidiyo yomalizidwa, ankalira mosadukiza ngati chigayo chapatali. Koma panali kulira kwachitatu, kokwera ndi kutsika, ngati njinga yamoto ya kabaza ikulimbana ndi mchenga. Tsiku lina ndinasuzumira pampata wa mabolodi. Ndinapeza bambo a mwana wanga, ndi ndevu zawo zonse zija, ali pa gemu ya mpikisano wa magalimoto, lilime lili panja, thupi likupendekera komwe galimoto ikukhotera.

Kusewerako sikunandipweteke. Bola mwamuna wosewera m'nyumba mwake. Chinandinyansa n'chakuti ndikawapempha kuti akatenge Amira ku madrasa ankayankha kuti, "Musandisokoneze, ntchito yandikwana." Ndiye ndinayamba kuti ndikamva kulira kwachitatu kuja, ndinkafunsa ndili pamakina anga pomwepo: "Bambo a Amira, mwafika pati? Mukamadutsa pa Dwangwa mundigulireko shuga." Kumaso kuja mafani ankayamba kutsika pang'onopang'ono ngati munthu wochita manyazi.

Bamboyu anavutika. Anamata kalendala pampata wa mabolodi. Anatembenuza sikirini kuti iyang'ane kukhoma. Anagula mahedifoni kuti phokoso la magalimoto lisamveke. Anakafunsa mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa patsidya pa msewu ngati ndi iye amandiuza. Ine osasiya kuwatuma shuga. Tsiku lina tikudya anandifunsa motsitsa mawu, "Mayi a Amira, kodi kumtundu kwanu ku Chia kuja kunalibe munthu wa ziwanda?" Ine ndinati, "Azakhali anga ena ankaona zinthu ali chikhalire." Anameza mpunga osatafuna.

Ndinadziulula ndekha, pakamwa sipasunga. Tsiku lina atagwiradi ntchito yeniyeni kuyambira m'mawa, ndinafuna kuwayamikira, ndiye ndinati, "Lero ndiye mwalimbikira, mafani anu sanakwere mtunda ndi kamodzi komwe." Anasiya kudya n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamwetulira, n'kupempha ndiwo zina.

Kuyambira sabata yotsatira m'nyumba munakhala bata. Kulira kwachitatu kunatha, kwachiwiri komwe kunatha. Ine ndinati munthu walapa, mpaka ndinakauza apongozi anga kuti mwana wawo wakula.

Apa ndikuuzeni za ntchito yomwe inali pamanja. Amalume awo a Khalidi, a Rashidi a ku Dwangwa, omwenso ndi nkhoswe ya banja lathu, anakwatitsa mwana wawo Ummy, ndipo amuna anga ndi amene anajambula. Mwamuna wa Ummy amagwira ntchito ku Joni, akubwerera kumapeto a mwezi uno, ndipo akufuna kunyamula vidiyoyo kuti akaonetse abale ake omwe sanathe kubwera. Mayi a Ummy, Mayi Asha, amaimba foni m'mawa uliwonse kufunsa ngati yatheka.

Koma batalo litangoyamba, kompyuta inayamba matenda. Vidiyo ikafika pakati potuluka, sikirini inkada, makina n'kuzima okha. M'chipindamo munkamveka kafungo ngati ka patapata woiwalidwa pafupi ndi mbaula. A Khalidi ankati ndi dzuwa la Okutobala, mawa lake ndi magetsi, mkuja ndi nkhungu, tintchentche ta kunyanja tija, zomwe zinadzaza tauni sabata ija.

Tsiku lina atapita kukajambula chinkhoswe ku Dwambazi, ndinakhala pakompyutapo kuti ndipange makhadi a kasitomala. Pakona pa sikirini ndinaona kachithunzi ka fani komwe kale kunalibe. Ndinakatsegula. Inali pulogalamu yolamulira mafani. Muli chojambula chosavuta kumva: m'munsi mwalembedwa madigiri a kutentha, m'mbali mwalembedwa liwiro la mafani, ndipo pali mzere womwe umayenera kukwera kutentha kukamakwera. Mzere wa amuna anga unali chigonere pa 30 peresenti kuchokera uku mpaka uko, ngati mphasa. Anali atausunga ndi dzina lakuti "Mtendere".

Ndinafuna kuona ndi maso anga zomwe zimachitika khadiyo ikalemedwa, ndipo njira yachidule yoilemetsa inali kutsegula gemu ija. Nambala ya kutentha inayamba kukwera: 70, 80, mpaka kudutsa 90. Mafani ali phee, ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Apa ndinamvetsa. Munthu sanalape, anangotseka mboni pakamwa.

Ndikanatha kuwadikirira n'kuwafunsa bwinobwino. Sindinatero. Ndinagwira mzere uja ndi mausi n'kuukokera m'mwamba, kuti kutentha kukangofika madigiri 50, mafani onse atatu azithamanga pa 100. Ndinausunga ndi dzina lakuti "Chilungamo", n'kuchonga kabokosi koti uziyamba wokha kompyuta ikayatsidwa.

Tsono, Aphungu, ntchito ukaigwira umafunika kuiyesa. Ndinatsegulanso gemu ija. Poyamba ndinagunda mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Ulendo wachiwiri ndinagunda theka la mitengoyo. Pofika nthawi yokatenga mwana ndinali nditadziwa kuti buleki umaponda usanalowe pakona, osati uli m'katimo. Kuyambira tsiku limenelo a Khalidi akangonyamula kamera n'kukwera minibasi, ine ndinkasendeza mpando wawo n'kuyamba ulendo. Gemuyo ukathamanga bwino imakufunsa dzina. Langa sindikanalemba, ndiye ndinalemba kuti Mwera.

Koma ndibwerere kaye ku mafani. Lachisanu la sabata yomweyo, a Khalidi atachokera ku mzikiti anadzitsekera m'chipinda cha kumaso. Pasanapite nthawi Mayi Asha anatulukira pakhomo la kuseri, atatopa ndi minibasi, atanyamula nthochi za Amira. Ndinawakhazika pansi n'kuwapatsa tiyi. Tikucheza choncho, kumaso kuja kunabuka chiphokoso ngati boti la injini likunyamuka m'chipinda. Mayi aja tiyi anawatayikira pachitenje.

"N'chiyani chimenecho, mwana wanga?" anafunsa.

Ine ndinali nditamva kale mpando ukulira kupendekera uku ndi uku. Ndinayankha kuti, "Ndi kompyuta, mayi. Ikatero ndiye kuti yasenza katundu wolemera." Mwaona nokha kuti sindinaname.

Anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Mwana wa eni akuvutikira Ummy wanga chonchi, ine n'kumamukalipira pafoni. Ndikamuthokoze."

Ndikanatha kuwaletsa. M'malo mwake ndinawatsegulira chitseko.

A Khalidi anali atavala mahedifoni, ndiye sanamve mafani, sanamve chitseko, sanamvenso salamu. Mayi Asha anaima kumbuyo kwawo, manja kumsana, n'kuonerera mwachifatse mpaka galimoto yofiira inaphonya mlatho n'kugwera m'madzi. Pamenepo ndi pomwe anawagwira paphewa.

"Pepani ndi ngoziyi, a Khalidi," anatero. "Ukwati wa mwana wanga munaukweza momwemo?"

Amuna anga anaimirira chingwe cha mahedifoni chikuwakoka khosi, n'kupereka salamu kawiri. Mayi aja anangoti, "Ndipite ine, ndingakuchedwetseni ulendo," n'kukamaliza tiyi wawo.

Za mafani, a Khalidi sanandifunse. Anadya mwaulemu, n'kuyamikira ndiwo. M'mawa mwake ndinapeza mzere wagonekedwanso pa 30, dzina lasintha: "Mwamuna pano ndine". Ndinaudzutsa n'kulemba "Tulutsani vidiyo ya eni". Iwo anaugoneka n'kulemba "Kasokeni". Ine ndinaudzutsa n'kulemba "Ndasoka kale". Pamaso tinkapatsana moni ngati anthu, nkhondo yonse inali mu pulogalamumo. Ndivomere, inkandikoma. Koma m'kati mwa nkhondoyi fani yapakati inayamba kulira ngati muli kamwala, ndipo ukasuzumira ndi tochi ya foni umaona nkhungu zouma zitadzaza m'mipata ya zitsulo. Iwo akuti ndaiwononga ndine poithamangitsa. Ine ndikuti aiwotcha ndiwo.

Kuseka kunatha Lachiwiri lapitali. A Khalidi analowa kuchipinda changa nkhope itagwa, n'kutseka chitseko. Anali atatsegula pomwe gemu imaonetsa akatswiri, n'kupeza kuti pa msewu uliwonse dzina lawo latsikira pachiwiri. Pamwamba ponse pali Mwera.

"Mayi a Amira, ine ndikachoka muno mumalowa ndani?" anafunsa.

Ndinati, "Makasitomala anga."

"Kasitomala wanu uti amadziwa kudula makona choncho?"

Ndinayesa nthabwala yakale, ndinati, "Kapena ndi ziwanda za ku Chia zija."

Sanaseke. Anati, "Ziwanda sizisendeza mpando. Ndakhala ndikuupeza uli kutsogolo. Ameneyu ndi mwamuna, ndipo ndi wamfupi. Za mafanizi ndimadabwa kuti mwazidziwira kuti. Akukuphunzitsani ndi Mwera."

Mawu anali kale pakamwa kuti ndinene kuti Mwerayo ndine. Koma ndinakumbukira shuga yense ndinawatuma uja, ndi zomwe ndinawachita pamaso pa Mayi Asha, pomwe ine ndemwe madiresi a eni anali akudikira ndili pampikisano. Ndinangoti, "Ganizani zomwe mukufuna." Aphungu, pa mawu onse a m'dziko muno ndinasankha amenewo.

Panopa amadyera kwa mayi awo. Pakompyuta aika pasiwedi. Mwamuna aliyense wamfupi wa mumsika muno akumuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo asiya kuyankha moni wa a Bakari, dalaivala wa minibasi yemwe amandibweretsera nsalu kuchokera ku Salima, bambo wa ana ake, yemwe mlandu wake ndi msinkhu basi. Amuna anga anakadandaula kwa a Rashidi, ndipo atiitanitsa Loweruka. Vidiyo ya Ummy sinatulukebe, chifukwa pa 30 makina amazima, pa 100 fani yodwala ija imalira moti amaopa n'kuzimitsa okha.

Ndiye ndithandizeni. Pakati pa 30 ndi 100, wolondola ndani? Ndikufuna ndikalowe pabwalo ndikudziwa. Chachiwiri, ndikaulula kuti Mwera ndine, ndidzawatumanso bwanji kukatenga mwana? Kodi sindingangofufuta dzinalo mwakachetechete pasiwedi ikachoka, nkhani n'kufa yokha? Amuna angawa ndimawakonda, kunama kwawo ndi kwa chibwana, ndipo kudya ndekha kwanditopetsa.

Z.K., Nkhotakota.


Mayi Z.K.,

Ndaseka monga munandilolera, ndipo ndatha. Tsopano khalani pansi.

Funso lanu loyamba ndi losavuta: nonse awiri mwalakwa, kungoti amuna anu alakwa moopsa. Kukakamiza mafani kukhala pa 30 khadi ikugwira ntchito yolemera ndi kuiphika. Kuzima komwe mukuonako si matenda, ndi makina akudziteteza kuti asapse. Inu mwaiziziritsa, inde, koma mafani ogwirapo kale ntchito, odzaza nkhungu, mukamawadzidzimutsa kuchoka pa ulesi kufika pa liwiro lonse kangapo pa tsiku, amatha msanga. Pabwalo musakanyadire 100 wanuyo. Simunamuikire chifundo pa khadi.

Musanakhudze china chilichonse, koperani zonse zomwe zinajambulidwa pa ukwati wa Ummy n'kuzisunga pa hadi disiki ina kapena pa fulashi yaikulu. Khadi ikafa mudzagula ina, koma ukwati wa eni sudzabwerezedwa kuti a Khalidi ajambulenso.

Mukatero zimitsani kompyuta, zulani chingwe kukhoma, idikireni izizire, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Chotsani nkhungu ndi fumbi ndi kaburashi kofewa kouma, kapena kapopa kopemerera mpweya. Popemerera gwirani mapiko a fani ndi chala kuti asazungulire. Madzi ayi, nsanza yonyowa ayi. Pulogalamu imalamulira liwiro lokha, singadutsitse mphepo pomwe patsekeka. Kompyutayo ichotseni pansi ndi pakona, ikhale pamalo pomwe mpweya ukulowa kumaso n'kutuluka kumbuyo, ndipo nkhungu zikabweranso tsekani zenera, makina akazima muwafunditse nsalu. Inu ndinu telala, nsalu sikusowani.

Kenaka tsegulani pulogalamu ija muli awiri. Fufutani Mtendere, Chilungamo, Kasokeni ndi abale awo onse. Muli batani lobwezera zonse momwe opanga anaikira, ndipo kawirikawiri limenelo lokha limakwanira. Ngati ndi kutentha kwa kunyanjako mukuona kuti sizikukwanira, jambulani mzere umodzi wokwera pang'onopang'ono ngati chitunda. Pa madigiri 50 mafani akhale cha m'ma 35 kapena 40 peresenti, pa 60 afike theka, pa 70 akhale cha m'ma 70, ndipo liwiro lonse lisungireni kutentha kukadutsa 80. Mzere usakhale ndi phompho, chifukwa ndi lomwe limachititsa mafani kumangokwera ndi kutsika. Makhadi amasiyana, koma ngati pa ntchito yolemera nambala ikukhazikika m'ma 70, gonani tulo. Ikamakakamira kupitirira 85 mutayeretsa kale, vuto si la mzere.

Mu pulogalamu yomweyo mupezamo potsitsira mphamvu yomwe khadi imakoka. Itsitseni ifike cha m'ma 80 peresenti. Vidiyo idzachedwerapo pang'ono, koma kutentha ndi phokoso zidzatsika moonekeratu. Umenewu ndiye mtendere womwe amuna anu ankaufuna, akanangofunsa. Za mavoteji ndi zina zomwe simukuzidziwa musazigwire. Fani yomwe ikulirayo, ikapitiriza mutaichotsa nkhungu, ndiye kuti yatha m'kati. Pitani nayo kwa wokonza makompyuta akaisinthe, aonenso ngati phala lomwe limakhala pakati pa khadi ndi zitsulo zoziziritsira silinaume. Musathiremo mafuta a makina osokera mongoyerekeza. Vidiyo ya Ummy itulutseni m'mamawa kusanatenthe, gemu itatsekedwa, wina ali pompo kuyang'ana nambala.

Zonsezi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma simungaiyambe, chifukwa pakompyuta pali pasiwedi, ndipo mwini pasiwediyo akudyera kwa mayi ake akuganiza kuti mkazi wake ali ndi mwamuna wina. Apa ndi pomwe ndasiyira kuseka.

Musafufute dzinalo. Mwera akasowa mwadzidzidzi, a Khalidi adzati mwamuchenjeza ndipo wathawa. Mudzakhala mutafafaniza umboni wokhawo womwe ungakuyeretseni. Ndipo musadikire Loweruka. Mawu akuti chibwenzi akangotchulidwa pamaso pa ankhoswe, ngakhale mlandu utakukomerani, amatuluka pabwalopo n'kumayenda okha mumsika. Mawa anthu adzaiwala za gemu, adzangokumbukira kuti telala uja anakambidwapo ndi dalaivala. A Bakari ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ali ndi makutu. Munthu ameneyu sanakulakwireni chilichonse, wangokubweretserani nsalu.

Mukuopa kuti mukaulula mutaya mphamvu yowatuma. Mphamvu imeneyo inatha tsiku lomwe munasendeza mpando. Chomwe chatsala ndi chabwino kuposa pamenepo: anthu awiri okonda chinthu chimodzi, aliyense akubisira mnzake. Alipo amayi amandilembera kuti iwo ndi amuna awo alibe nkhani yocheza kupatula mtengo wa makala. Inu mwapeza yanu, mwangoilowera pazenera.

Pitani kwa apongozi anu lero, muwapemphe amuna anu kuti mukalankhule kunyumba. Yambani ndi mbali yanu, osaikulunga m'nthabwala: Mwera ndine, mpando ndimasendeza ndine, chitseko ndinawatsegulira dala Mayi Asha, ndipo ndinakuyankhani moipa pomwe mumafunsa ndi mtima wowawa. Mukatero muli ndi ufulu wonena zawo, ndipo zilipo. Ananamizira ntchito kuti asakatenge mwana wawo. Anaika pachiswe chipangizo chomwe chimakudyetsani nonse kuti abise masewera. Achedwetsa vidiyo ya msuweni wawo. Ndipo chinawavuta n'kukhulupirira kuti mkazi wawo angawapose, moti anaona chapafupi kumuganizira zachiwerewere. Chimenecho apepese, kwa inu ndi kwa a Bakari, ndipo moni ayambe ndi iwo.

Mukamvana, gwirizanani poyera kuti gemu imatsegulidwa ntchito ya tsikulo ikatha, ya kamera ndi ya singano yomwe, ndipo wogonja ndi amene akatenge Amira. Loweruka mupitebe ku Dwangwa, chifukwa nkhoswe ikaitana sukana, koma mupite awiri, vidiyo ili m'manja. A Rashidi muwauze mwachidule kuti munasemphana pa za makina ndipo mwakonza. Mayi Asha akafuna kuseka, alekeni aseke, anaulipirira ulendo wa minibasi.

Chenjezo langa ndi ili. Amuna anu sakakhulupirira ndi mawu okha, akafuna kuona. Akachotsa pasiwedi n'kukupatsani mpando, musakachite ulemu wa kuchinkhoswe woti mwamuna apambane. Sankhani msewu womwe mumaudziwa bwino, pondani buleki pamalo pake, ndipo muwasiye kutali. Mukangowamvera chisoni n'kugonja, ndiye kuti Mwera si inu, ndipo Loweruka mukafotokoza nokha kwa a Rashidi kuti mwamuna wamfupiyo amalowera khomo liti.

Aphungu.